Chotupa chosapweteka chiyambe chapimidwa, mpeni pambuyo

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi Amalawi anzanga omwe tikukhala ndi kugwira ntchito kuno ku Johannesburg, komanso ndi abale athu kumudzi omwe amatilangiza pa foni tikadwala, pa nkhani ya zotupa zomera mkati mwa mnofu zomwe sizipweteka. Chandichititsa kulemba ndi zomwe ndidamva Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, pomwe amayi ena ankakambirana za bambo wina wa m'dera lathu yemwe ali ndi chotupa chachikulu ngati papaya pantchafu, ndipo akusonkhanitsa ndalama ya basi kuti apite kumudzi akatemeredwe mphini. Onse omwe adalipo adagwirizana kuti poti bamboyo akuyenda, akudya bwino ndiponso sakumva ululu, ndiye kuti ndi mafuta chabe. Mawu omwewa ndi omwe ife tidakhala tikuwauza achimwene anga kwa zaka zitatu, ndipo pamapeto pake chotupa chawo chidapezeka kuti chinali khansa.

Achimwene angawo ndi atelala, ali ndi zaka 56, ndipo akhala akusoka m'kachipinda kena kufupi ndi Fordsburg kuyambira ine ndisanabwere kuno. Chotupa chawo chidayambira kuseri kwa ntchafu ya kumanzere, mkati kwambiri, moti poyamba sichinkaoneka ndi maso, koma iwo ankangomva ngati akhalira kansalu kopinda akakhala pampando wa makina. Pomwe chinkakula, ankangomasula msoko wa mwendo umodzi wa buluku n'kuikapo kachigamba kuti mwendowo uzikwana, ndipo adachita zimenezi kawiri osauza munthu. Atayamba kuulula, aliyense adabwera ndi yankho lake. Mnzawo wa pantchito adati n'chifukwa chokhala pansi tsiku lonse, wina adati ndi magazi oundana ofunika kuthowa ndi madzi otentha, ndipo alamu anga kumudzi adakhulupirira kuti wina wansanje adawatchera mankhwala pakhomo pa shopu. Nthawi ina adapita kwa dokotala wa kachipatala kolipira m'tauni, yemwe adangochigwira ndi dzanja n'kunena kuti ndi lipoma, chotupa cha mafuta chosaopsa, ndipo angathe kuchichotsa pompo m'chipindamo atabaya jakisoni wochititsa dzanzi. Mwezi umenewo achimwene anali atatumiza fizi ya ana kumudzi, choncho ndalama yolipira panalibe, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu kuti mpeniwo sudawakhudze tsiku limenelo.

Ine ndidazindikira bwino kukula kwa vutoli pa Khirisimasi, atabwera kudzadya nafe ku Turffontein, pomwe ndidaona kuti akukhalira m'mphepete mwa mpando ndi thako limodzi, mwendo wa kumanzere atautambasula. Nditawafunsa kuti, "Achimwene, mwendowu watani?" adayankha kuti, "Palibe kanthu chemwali, sichipweteka ichi." Mwamwambo wathu mlongo sangagwire ntchafu ya mlongo wake, choncho ndidapempha bambo a kunyumba kwanga kuti alowe nawo kuchipinda ndi tepi yoyezera nsalu yomwe achimwene sasiyana nayo m'thumba. Adatuluka ndi nambala yoti masentimita 17 m'litali. Ine ndimagwira ntchito yosamalira gogo wina ku Randburg, ndipo namwino yemwe amabwera kudzamuona gogoyo nditamufotokozera, nkhope yake idasintha, n'kundiuza kuti chotupa chotero sichiyenera kudikira Januwale kuti athe.

Zomwe adandiphunzitsa namwinoyo, zomwe madokotala adabwerezanso pambuyo pake, ndi zomwe ndikufuna wowerenga aliyense asunge. N'zoona kuti zotupa zambiri za mafuta si khansa. Lipoma ndi kachotupa kofewa komwe kamakhala pansi pa khungu, kamatererera uku ndi uku ukakakankha ndi chala, kawirikawiri kamakhala kakang'ono, ndipo anthu ambiri amakalamba nako popanda vuto. Zotupa zosaopsa zoterezi zimachuluka kwambiri kuposa za khansa, ndipo khansa za m'minofu, zomwe madokotala amazitcha sarcoma, zimangokwana pafupifupi imodzi pa khansa 100 zilizonse za akuluakulu. Kusowa kwake n'komwe kumachititsa kuti ngakhale ogwira ntchito zachipatala ena asaiganizire. Koma chotupa chikaposa masentimita 5, omwe ndi pafupifupi utali wa bokosi la machesi, kapena chikamakulirakulira mwezi ndi mwezi, kapena chikakhala mkati mwa mnofu osati pansi pa khungu penipeni, kapenanso chikameranso pamalo pomwe chidachotsedwapo kale, chimayenera kutengedwa ngati khansa kufikira kupima kutatsimikizira kuti sichoncho. Ululu ukabwera ndi chizindikiro china choonjezera, koma kusowa kwa ululu si umboni woti zinthu zili bwino, pakuti khansa ya mafuta, yomwe dzina lake ndi liposarcoma, imadya mwakachetechete ngati chiswe m'mtengo wa denga. Imakonda kugwira anthu a zaka zoyambira 50 kupita m'tsogolo, ngakhale kuti achinyamata nawo imawapeza, ndipo siibwera chifukwa cha kunenepa kapena kudya zamafuta, siipatsirana, ndiponso kwa odwala ambiri palibe cholakwa chomwe adachita kuti idze.

Tidayambira ku kiliniki ya boma ya m'dera lawo, chifukwa kuno zipatala zikuluzikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Helen Joseph zimalandira wodwala wosakhala wa ngozi akabwera ndi kalata yomutumiza. Pakiliniki ndidaonetsetsa kuti muyeso wa masentimita 17 ndi mawu oti chotupa chikukula alembedwe m'kalatamo, ndipo ndikukhulupirira kuti mizere iwiri imeneyo ndiyo idatifulumizitsira ulendo. Kuchipatala adayamba ndi ultrasound, makina omwewo ounikira amayi oyembekezera, kenako adatipatsa tsiku la MRI. Achimwene adachita mantha ndi makinawo, chifukwa munthu amagona pakabedi kolowa m'chimphanga chopapatiza, atavula lamba, wotchi ndi chitsulo chilichonse, ndipo makinawo amachita phokoso ngati chigayo kwa mphindi zopitirira 30, koma palibe chopweteka. Chithunzi cha MRI ndicho chimaonetsa dokotala kuti chotupa chayambira pati, chalekezera pati, chagundana ndi mitsempha iti, ndiponso ngati mkati mwake muli mafuta okhaokha kapena muli timizere tokhuthala ndi timibulu tolimba tomwe timakayikitsa.

Pambuyo pake padabwera biopsy, komwe ndi kutapa kanyama pang'ono ndi singano yaikulu atachititsa dzanzi pamalopo, kuti akakapime ku labotale. Apa mpomwe banja lathu lidatsala pang'ono kugawanika, chifukwa ambiri mwa ife timakhulupirira kuti khansa ikangokhudzidwa ndi chitsulo imabalalika thupi lonse, ndipo alamu anga adalira pa foni kuti tisalole. Dokotala adatifotokozera modekha kuti singanoyo imalowetsedwa pamalo osankhidwa mosamala, kuti njira yomwe yadutsa idzachotsedwe limodzi ndi chotupa pa tsiku la opaleshoni, ndipo choopsa chenicheni ndi kung'amba chotupa popanda kudziwa kuti ndi chiyani. Munthu akachidula mwachisawawa ngati akufinya chithupsa, amasiya zidutswa mkati ndi kumwaza maselo a khansa m'bala lonse, ndipo nthawi zina nyama yochotsedwayo imatayidwa osapita nayo ku labotale. Wodwala amapita kwawo akusangalala, koma pakapita nthawi chotupa chimameranso, ndipo opaleshoni yachiwiri imakhala yaikulu kuposa yomwe ikadachitika poyamba, chifukwa amayenera kuchotsa chipsera chonse ndi mnofu wozungulira, mwinanso kuonjezerapo kuwotcha maselo a khansa ndi makina, komwe madokotala amakutcha radiotherapy. Mphini nazo sizifika komwe kuli chotupa cha mkati mwa ntchafu. Zimangosiya zilonda pakhungu lomwe dokotala adzafune kusoka, ndi kudya miyezi yomwe ikadagwira ntchito kuchipatala.

Zotsatira zidatenga masabata atatu, ndipo masiku amenewo anali olemera kuposa ena onse. Zipatala za boma kuno zimatumiza zoyeza zake ku National Health Laboratory Service, ndipo tidauzidwa kuti kuchedwako n'chifukwa choti mtundu wokula pang'onopang'ono wa khansa imeneyi umafanana kwambiri ndi mafuta wamba ngakhale pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Kuti asiyanitse, akatswiri amayang'ana kachidutswa ka chibadwa cha maselo kotchedwa MDM2, komwe m'maselo a khansayi kamapezeka kochuluka mopitirira muyeso pomwe mu lipoma sikatero. Ngati katswiri wokhala ndi makina amafunika kupima kawiri kuti atsimikize, dzanja la munthu aliyense, kaya ndi sing'anga kaya ndi dokotala, silingathe kudziwa pongogwira pamwamba pa khungu.

Papepala la achimwene padalembedwa kuti well-differentiated liposarcoma, ndipo dokotala adatiuza kuti chotupa chomwechi chikakhala pamwendo kapena pamkono ena amachilemba kuti atypical lipomatous tumour. Ndikutchula mayina onse awiri chifukwa wina angaone dzina lachiwirili n'kuganiza kuti nkhani yatha, n'kusiya kupita kuchipatala. Mtundu umenewu ndiwo wofala kuposa ina, ndipo ubwino wake ndi woti suthamangira kufalikira ku mapapo kapena ziwalo zina. Vuto lake ndi kukula, kupanikiza mitsempha, ndi kumeranso pamalo pomwepo. Komabe, ukasiyidwa kapena ukameranso kangapo, mbali ina ya chotupa ingathe kusintha n'kukhala mtundu wolusa wotchedwa dedifferentiated, womwe umatha kufalikira. Palinso mtundu wa myxoid, womwe umakonda ntchafu za anthu ocheperapo zaka ndipo umamva bwino kuwotcha ndi makina, komanso wa pleomorphic, wosowa koma woopsa kwambiri. Munthu wina akamakuuzani kuti m'bale wake adachira kapena adamwalira ndi khansa ya mafuta, dziwani kuti mwina sunali mtundu womwe muli nawo inu.

Ndiloleni ndiime pang'ono pa chinthu chomwe chidandidetsa nkhawa kwambiri nditachimva m'chipatala muja, chifukwa chikukhudza kaganizidwe kathu ife a kuJoni. Khansa imeneyi simera pantchafu pokha. Imameranso m'mimba, kuseri kwa matumbo, kufupi ndi impso, komwe kuli malo aakulu oti chotupa chikule popanda kuonekera. Munthu amangoona mimba ikutuluka, lamba akuthina, ndipo abale akaona zithunzi pa WhatsApp amamuyamikira kuti zikuyenda, Joni yamuyanja. Koma mimba yokula pomwe mikono ndi nkhope zikuonda, kukhuta msanga utangodya mbamu ziwiri, kudzimbidwa kosatha, kapena mwendo umodzi kutupa, si zizindikiro za kupeza bwino. Zotupa za kumeneko zimapezeka kawirikawiri zitapitirira kale masentimita 20, amaziona ndi makina ena ojambula mkati mwa thupi otchedwa CT scan, ndipo pozichotsa dokotala amakakamizika nthawi zambiri kuchotsanso impso imodzi kapena gawo la matumbo omwe chotupacho chakumbatira. Ngakhale zili za mtundu wodekha uja, za m'mimba zimameranso kawirikawiri kuposa za pamwendo, ndipo n'zomwe zimasintha kwambiri kukhala zolusa, choncho kwa izi mwezi uliwonse wochedwa uli ndi mtengo wake.

Chithandizo chachikulu cha mtundu wokula pang'onopang'ono ndi opaleshoni, yochotsa chotupa chonse chathunthu, chosang'ambika. Achimwene usiku woti mawa alowa ku fiyeta adandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Chemwali, ndikadzuka mwendo ndiupeza?" Mantha amenewa ndi omwe amathawitsa ambiri, koma masiku ano kudula mwendo chifukwa cha khansa yotere kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo cholinga cha madokotala ndi kuupulumutsa kuti uzigwirabe ntchito. Chotupa chawo chidatsamira mtsempha waukulu wotsika kuseri kwa ntchafu womwe umalamulira phazi, ndipo dokotala adatenga maola angapo akuchilekanitsa nawo pang'onopang'ono, zomwe sizikadatheka m'kachipinda ka m'tauni kaja. Adadzuka ndi bala lalitali lotsata mwendo, ndi kapaipi kotulutsa madzi ofiirira m'kabotolo komwe ankayenda nako m'thumba la gauni ya kuchipatala. Adatuluka patatha masiku asanu, adayendera ndodo kwa kanthawi, ndipo a physiotherapy adawaphunzitsa kupinda ndi kutambasula bondo kufikira phazi lidayambanso kuponda makina monga kale.

Chomwe chidawasokoneza n'choti sadapatsidwe chemotherapy, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, kapena kuwotchedwa ndi makina, ndipo kwa masiku angapo ankaganiza kuti madokotala awataya poti ndi mlendo. Tidabwerera kukafunsa, ndipo tidauzidwa kuti mtundu wawo sumva kwenikweni mankhwala a chemotherapy, ndipo chotupa cha pamwendo chikachotsedwa chonse, kawirikawiri sipafunikanso china koposa kuyang'anira. Mankhwala amphamvu monga doxorubicin amasungidwira mitundu yolusa kapena khansa yomwe yafalikira, ndipo radiotherapy amaipereka poona mtundu, kukula ndi malo a chotupa. Kuyang'anirako ndiye si nkhani ya mwezi umodzi, chifukwa chotupa chokula pang'onopang'ono chimameranso pang'onopang'ono, mwina patapita zaka zisanu kapena kupitirira, ndipo munthu amayenera kusunga masiku ake a kuchipatala ngakhale akumva bwino.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti ulendowu ndi wofewa kwa mlendo. Ambiri mwa ife timagwira ntchito zoti ukajomba tsiku limodzi sulandira kanthu, pomwe chipatala chimafuna tsiku lathunthu, kudzuka 4 koloko m'mawa kukaima pamzere, ndipo tsiku la kujambula limatha kukhala patali ndi masabata. Ena amaopa kuti mapepala awo adatha, ena Chingerezi ndi Chizulu cha kuchipatala chimawapitirira moti amangovomera ndi mutu osamva kanthu, ndipo malipiro amasiyana malinga ndi zomwe munthu amapeza komanso mapepala omwe ali nawo. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, pa gawo 27, amanena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ngakhale kuti tonse tikudziwa kuti pakhomo pa kiliniki munthu amatha kulandiridwa ndi mawu owawa. Achimwene tsiku lina adabwezedwa chifukwa fayilo yawo idasowa, ndipo adalumbira kuti sabwereranso, koma tidawanyengerera mpaka adabwerera. Zomwe ndidaphunzira n'zoti wodwala asapite yekha, apite ndi munthu womva chilankhulo, wolemba m'kabuku zomwe dokotala wanena, ndiponso wosachita manyazi kufunsa dzina lenileni la matenda, pakuti safunsa adadya phula. Bungwe la CANSA, lomwe lakhala likuthandiza odwala khansa m'dziko muno kuyambira 1931, limaperekanso uphungu kwa odwala ndi owasamalira.

Kwa omwe asankha kukalandira chithandizo kumudzi, kufupi ndi abale, sindikuwatsutsa, chifukwa kudwala kwa eni kumawawa. Koma apite ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ndipo anyamule lipoti la biopsy, chimbale cha zithunzi za MRI ndi makalata onse m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi yemwe angasokonekere ku Beitbridge kapena ku Mwanza. Kwa zaka zambiri Amalawi ofunika radiotherapy ankatumizidwa kunja, ku India, Tanzania kapena Zambia, koma tsopano ku Lilongwe kuli National Cancer Centre pafupi ndi Kamuzu Central, ndipo dokotala wa kumeneko akalandira wodwala wokhala ndi mapepala athunthu sayambanso kufufuza kuchokera pachiyambi.

Pempho langa lalikulu likupita kwa atsogoleri a magulu athu a maliro, a mipingo, a mizikiti ya ku Mayfair ndi Fordsburg, ndi a zipereganyu za amayi. Mmalawi akamwalira kuno, uthenga umayenda usiku umodzi, ndipo pofika Loweruka ndalama ya bokosi ndi galimoto yonyamula thupi imakhala itakwana, chinthu chomwe ndimachinyadira ndipo sindikufuna chithe. Koma munthu yemweyo ali moyo, akusowa ndalama ya takisi yopita kukajambulidwa, kapena ya lendi ya masabata asanu ndi limodzi omwe sangagwire ntchito pambuyo pa opaleshoni, timamusiya yekha, ndipo iye pochita manyazi amasankha njira yotchipa, yomwe ndi mphini kapena mpeni wa m'kachipinda. Lendi ya achimwene m'miyezi iwiri yomwe makina awo adakhala atavundikiridwa idalipiridwa ndi atelala anzawo anayi omwe adagawana maoda awo n'kumawabweretsera ndalama Lachisanu lililonse, ndipo chomwe anthu anayi adatha, gulu la anthu 200 lingathe kuchikhazikitsa ngati thumba lapadera lokhala ndi msungichuma wake, lothandiza wodwala kufika pa MRI ndi biopsy.

Ndikupemphanso inu, Akonzi, kuti mupeze dokotala wa khansa wa kwathu kuti adzalembe m'nyuzipepala ino m'Chichewa za zotupa za m'minofu, kuti anthu amve kuchokera kwa mwini ntchito osati kwa ine ndekha. Bambo wa ku Rosettenville uja ndidamufunafuna Lolemba madzulo, ndipo achimwene adapita nane, n'kumuonetsa chipsera chawo ndi pepala la ku labotale. Chotupa chake adachiyeza ndi tepi yomwe ija, ndipo chidakwana masentimita 13. Wavomera kuti tikiti ya basi iyambe yadikira, ndipo Lachiwiri likubwerali ndapempha tchuthi kuntchito kuti ndimuperekeze ku kiliniki kukatenga kalata.

Wowerenga wanu,
Turffontein, Johannesburg